Mbiri ya mtedza wa ku Mchinji ikuonetsa kuti mlimi amatsata msika

MCHINJI — Nyengo yokolola ikafika, misika ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda imadzaza ndi matumba a mtedza ndi soya, ndipo masikelo a mavenda amapachikidwa m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Boma la Mchinji, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 600,000, ndi imodzi mwa nkhokwe za dziko lino. Komabe mbiri ya ulimi wake ikuonetsa kuti chomwe chakhala chikukweza kapena kugwetsa mlimi wa m'bomali ndi msika, ndipo palibe mbewu yomwe ikuchitira umboni zimenezi kuposa mtedza.

Mtedza, womwe anthu a m'chigawo chapakati amati nsawa, ndi mbewu yobwera. Makolo ankadalira mapira ndi mawere, pomwe chimanga, mtedza ndi fodya zidachokera ku America. Atsamunda atakhazikika pa Fort Manning, dzina lakale la Mchinji, msonkho wa nyumba udakakamiza anthu kulima mbewu zogulitsa kapena kupita kukagwira ntchito kunja.

Dziko lino litalandira ufulu, bungwe la ADMARC lomwe lidakhazikitsidwa mu 1971 ndilo linkagula zokolola za alimi ang'onoang'ono. Mitengo yake inali yotsika, ndipo phindu lambiri linkapita kotsegulira maesiteti a fodya, omwe adatenga malo aakulu ku Mchinji ndi ku Kasungu. Koma mlimi ankadziwa tsiku lotsegulira msika, ndipo mtedza unkasankhidwa ndi kuikidwa m'magiredi usanakwere sikelo. M'zaka zimenezo Chalimbana, mtedza wa njere zikuluzikulu, unkagulitsidwa kwambiri ku Ulaya.

Msikawo udatayika kaamba ka chuku. Poizoni wa chuku, yemwe akatswiri amamutcha aflatoxin, adadziwika kutsatira imfa ya nkhukutembo zambiri ku England mu 1960, ndipo m'zaka zotsatira maiko a ku Ulaya adakhwimitsa malamulo oyezera zakudya zolowa m'maiko mwawo. Kuno kwathu, mu 1987 boma lidalola amalonda wamba kugula mbewu, ndipo pang'onopang'ono ntchito yosankha mtedza idasowa mwini. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, ambiri adathamangira komweko. Palibe angawadzudzule, pakuti ndalama zinali ku okushoni.

Chomwe chidadzutsanso mtedza ndi mbewu yabwino pamodzi ndi wogula wodalirika. Mtundu wa CG7, womwe udatulutsidwa mu 1990 kuchokera ku kafukufuku wa ku Chitedze mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT, umabereka kuposa Chalimbana. Kenaka alimi a Mchinji Area Smallholder Farmers Association, omwe ali pansi pa NASFAM, adalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004 n'kuyamba kutumiza mtedza ku Britain. Wogula ankafuna mtedza woumitsidwa bwino, wosankhidwa ndi woyezedwa, ndipo alimi omwewo amene ankanenedwa kuti satsatira malangizo adakwanitsa zonsezi. Gawo la ndalama zapamwamba zomwe ankalandira lidamangira nyumba ya odikirira odwala pa chipatala cha boma cha Mchinji.

Apa ndi pomwe okonza ndondomeko ayenera kulingalira mofatsa. Kuyambira mu 2005, ndalama zambiri za Unduna wa Zamalimidwe zakhala zikulowa ku feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, makamaka za chimanga. Ndondomekoyi idathandiza mabanja ambiri kupeza chakudya, koma siyankha funso la mlimi amene waunjika matumba a mtedza pakhonde mwezi wa June. Boma limalengeza mitengo yoyambira yogulira mbewu chaka ndi chaka, koma mtengo wolembedwa papepala sugwira ntchito kumudzi komwe wogula ndi m'modzi yekha, sikelo n'njake yomwe.

Njira zotulutsira katundu zilipo. Njanji idafika ku Chipata mu 2010, ndipo mu December 2022 Malawi ndi Zambia adatsegulira chipata chimodzi chochitira zonse cha Mchinji-Mwami. Ngakhale zili choncho, mbewu zina zimadutsa njira zachidule, popeza malirewo ndi aatali ndipo Achewa ndi Angoni a mbali zonse ziwiri ndi pachibale. Wogula wa njira zoterezi safunsa za chuku. Amalipira mtengo umodzi pa mtedza wouma ndi wachinyezi, choncho mlimi saona chifukwa chosiyira kuwaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, ngakhale alangizi amaletsa mchitidwewu chifukwa ndiwo umabala chuku.

Nkhaniyi siikhudza malonda okha. Mtedza wabwino ukapita kumsika, wofwifwa ndi wowola umatsala pakhomo, n'kusinjidwa kukhala nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala la ana. Achipatala adatsimikiza kuti poizoni wa chuku amayambitsa khansa ya m'chiwindi, ndipo kafukufuku amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Motero maofesi a zaulimi, zamalonda ndi zaumoyo pa khonsolo ya Mchinji akuyang'anira thumba limodzi lomwelo la mtedza, ngakhale aliyense ali ndi bajeti yakeyake.