Phungu wa mlimi amadziwika ndi malamulo amene wasiya

Pa 23 Disembala chaka chilichonse dziko la India limachita mwambo wa tsiku la alimi. Analisankha tsikuli chifukwa ndi limene anabadwa a Chaudhary Charan Singh mu 1902, mwana wa mlimi wolima munda wa eni ake m'boma la Meerut. Kunja kuno ambiri amawadziwa ngati munthu amene anakhalapo nduna yaikulu ya India, koma pampando umenewo sanathepo ngakhale miyezi 6. Chimene alimi amawakumbukira nacho ndi ntchito imene anagwira kwa zaka zoposa 30 m'nyumba ya malamulo ya chigawo chawo cha Uttar Pradesh. Ife a bungwe lino tikuona kuti mbiri yawo ili ndi phunziro kwa mlimi aliyense amene amaponya voti.

Ku India chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo nkhani za malo ndi ulimi zimakambidwa kumeneko. A Singh analowa m'nyumbayi mu 1937 kuimira dera la Chhaprauli, dziko lidakali m'manja mwa atsamunda a ku Britain. Mu 1938 anabweretsa bilu yokhazikitsa dongosolo m'misika ya mbewu, pofuna kuteteza mlimi kwa ogula amene ankamubera pa sikelo ndi kumudula ndalama popanda chifukwa. Biluyo sinadutse. Chigawocho chinadzakhala ndi lamulo la misika ya mbewu mu 1964, patatha zaka 26. Mu 1939 iwo anali patsogolo pokonza bilu yopeputsa ngongole za alimi amene minda yawo inkathera m'manja mwa akatapila.

Ntchito yawo yaikulu inali ya malo. Nthawi imeneyo minda yambiri inali pansi pa anthu otchedwa zamindar, amene sankagwira khasu koma ankatolera lendi kwa olima. Lamulo lothetsa mchitidwewu, limene a Singh anathandiza kwambiri kulemba, linayamba kugwira ntchito mu Julaye 1952. Mlimi amene analipira lendi ya zaka 10 nthawi imodzi ankasanduka mwini munda weniweni, wotha kuugulitsa kapena kuusiyira ana ake.

Koma lamulo la papepala silikwanira ngati wosunga kaundula ali wokhota. M'midzi munali makalaliki otchedwa patwari, amene ankalemba kuti munda uwu ndi wa uje, ndipo ambiri ankakondera olemera. Mu 1953 makalalikiwa, pafupifupi 27,000, anatula pansi ntchito onse pamodzi poganiza kuti boma ligwada. A Singh, amene panthawiyo anali nduna yoona za malo ndi misonkho yake, anangovomera makalata awo ndi kulemba anthu atsopano otchedwa lekhpal. Chaka chomwecho kunabweranso lamulo lophatikiza timinda tomwazikana kuti mlimi akhale ndi munda umodzi woti angakumbemo chitsime ndi kuthirira.

Mu 1959, pamsonkhano wa chipani chawo cha Congress ku Nagpur, anatsutsa poyera mtsogoleri wa dziko, a Jawaharlal Nehru, amene ankafuna kuti alimi aphatikize minda yawo n'kumalima limodzi. A Singh sankadana ndi makopaletivu ogulira zipangizo ndi kugulitsira mbewu pamodzi, monga momwe timachitira ife. Chimene ankakana n'chakuti mlimi alandidwe ulamuliro pa munda wake. Kuyankhula koteroko kunawadanitsa ndi akuluakulu a chipani. Mu 1967 anatulukamo ndipo anakhala mtsogoleri woyamba wa boma la Uttar Pradesh wosachokera ku Congress.

Sitikunena kuti anali mngelo. Amene anapindula kwambiri ndi malamulo awo ndi alimi amene anali kale ndi kamunda. Aganyu opanda malo, makamaka a mafuko onyozeka, ambiri anatsala momwemo. Ndale zawo za kumapeto nazo zinali zogwetsa ulesi. Mu Julaye 1979 anakhala nduna yaikulu mothandizidwa ndi a Indira Gandhi, omwe anawatsekera m'ndende mu 1975. Mayiwo atachotsa thandizo lawo, a Singh anatula pansi udindo mwezi usanathe, asanaonekere n'komwe m'nyumba ya malamulo ngati mtsogoleri, ndipo anangogwirizira mpandowo mpaka Januwale 1980. Anamwalira mu 1987. Komabe mu 2024 dziko lawo linawapatsa ulemu waukulu koposa wa Bharat Ratna. Mipando inatha, zipani zawo zinagawikana, koma minda imene alimi anapeza mu 1952 ikulimidwabe ndi zidzukulu zawo.

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife. Kwathu kuno phungu timamuyamikira akagula bokosi la maliro, akapereka galimoto yonyamula wodwala kapena akagawa nsalu ndi mipira. Zimenezi sizoipa, koma si ntchito imene tinamutumira. Bokosi limakwiriridwa tsiku lomwelo, pomwe lamulo limatsala ngakhale phunguyo atagwa pachisankho.

Mavuto amene a Singh ankalimbana nawo ndi omwe tikuwadziwa bwino: sikelo, ngongole ndi kaundula wa malo. Chaka ndi chaka unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma mavenda amafika pakhomo ndi masikelo awo n'kugula momwe afunira. Katapila akudyabe chimanga chidakali m'munda. Nkhani ya matenanti m'maesiteti a fodya inakambidwa kuchokera m'zaka za m'ma 1990, koma lamulo lothetsa mchitidwewu linadzabwera mu 2021. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo ndi kulembetsa minda, ndipo phunziro la makalaliki a ku Uttar Pradesh likutichenjeza kuti tiziyang'anitsitsa amene agwira cholembera.

Choncho tikupempha makalabu ndi makopaletivu athu onse kuti chaka chino, tikamaliza kukolola, aitane phungu wa dera lawo ku msonkhano. Tisakamupemphe ndalama. Tikamufunse mafunso atatu. Kodi mwayankhulapo chiyani m'Nyumba ya Malamulo pa za masikelo ndi mitengo ya mbewu? Kodi mwachitapo chiyani kuti mlimi apeze ngongole ya chiwongoladzanja chochepa? Kodi kulembetsa minda m'dera lino kwafika pati, ndipo amayi amasiye akulembedwa pa minda yawo? Alembi a makalabu alembe mayankhowo m'mabuku, ndipo chaka chamawa tidzawawerenge pamaso pa phunguyo.

Tisaiwalenso cholakwa cha a Singh. Tikamamenyera ufulu wa mlimi, tiwerengeremo mnzathu waganyu amene alibe ngakhale mzere umodzi wa iye yekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo phungu amamva msanga akaona kuti amene akumufunsa ndi mudzi wonse.