ZA ABEID KARUME, MMALINYERO AMENE ANALOWA M'MALO MWA SULTANI

Abale athu a ku migodi ndi a ku mapulazi, caka ndi caka pa 7 April anthu a ku Tanzania sapita ku nchito, pokumbukira Abeid Amani Karume, ndipo ku Ilala m'mudzi wa Dar es Salaam kuli bwalo la mpira lochedwa dzina lace. Mbiri yace iyenera kuganiziridwa ndi inu, pakuti anali wanchito monga inu nomwe.

Karume anabadwa m'caka ca 1905, naphunzira pang'ono cabe, nakhala mmalinyero wa pa zombo. Masiku amenewo minda yaikuru ya pa cisumbu ca Zanzibar inali ya Aluya. Olimamo anali alendo ofuna nchito pamodzi ndi zidzukulu za akapolo, ambiri a iwo ogwidwa ku Nyanja kwathu ndi kutengedwa njira ya ku Kilwa. Anthu otere ndiwo anamkweza kukhala mtsogoleri wa cipani ca Afro-Shirazi m'caka ca 1957. Pa cisankho ca July 1963 cipanico cinalandira mavoti 54 pa 100 ali onse, koma mipando 13 yokha mwa mipando 31. Pamenepo ambiri anataya mtima, nati kuvota n'kwacabe.

Pa 12 January 1964 anthu anaukira Boma, ndipo Aluya ndi Amwenye ambirimbiri anaphedwa. Wotsogolera nkhondoyo sanali Karume ai, koma John Okello, mlendo wa ku Uganda wogwira nchito ya manja. Sultani Jamshid anathawira ku Dar es Salaam, napitirira ku Mangalande. Karume anaikidwa Pulezidenti, ndipo pofika March Okello analetsedwa kulowanso m'cisumbuco.

Tsono Dar es Salaam anali ndi mantha ace. Pa 20 January asilikari a m'mudzimo anapanduka, kufikira Angerezi anadzawalanda mfuti. Julius Nyerere sanafune moto pakhomo pace. Karume naye anaopa anzace ofuna kumposa. Cotero pa 26 April 1964 maiko awiriwa anaphatikana. Karume anakhala waciwiri wa Nyerere, koma za m'kati mwa Zanzibar zinatsala m'manja mwace.

Zabwino anazicita ndithu. Anagawira amphawi minda ya maekala 3 banja liri lonse, nacotsa malipiro a sukulu, namanga nyumba zosanja ku Michenzani. Koma cisankho anaciletsa, makhoti a oweruza ophunzira anawathetsa, ndipo womtsutsa analibe kodandaula. Abdallah Kassim Hanga ndi Othman Shariff, akuru a m'Boma lace lomwe, anaperekedwa m'manja mwace kucokera ku mtunda, ndipo sanaonekenso amoyo. Ndalama zinaunjikana ku banki pamene m'masitolo munalibe cakudya.

Pa 7 April 1972 Karume anaomberedwa mfuti m'nyumba ya cipani cace, ndi msilikari amene atate wace anafera m'ndende. Ena oganiziridwa mlanduwo, monga Abdulrahman Babu, anamangidwa ku Dar es Salaam. Koma nthawi iyi Nyerere anakana kuwaoletsa nyanja, pokumbukira za Hanga.

Cigwirizano cimene Karume anasainira ciripobe, ngakhale ambiri pa cisumbupo adandaula naco. Ndipo mu 2021 mkazi wa ku Zanzibar, Samia Suluhu Hassan, analumbira kukhala Pulezidenti wa dziko lonse.

Nanga ife tiphunzirapo ciani? Anchito anasankha mmodzi wa iwo okha, ndipo iye sanaiwale za munda wao. Cimene sanasunge ndico njira yomdzudzula ndi yomtsitsa mwamtendere. Ndipo njirayo itatsekeka, yotsala inali mfuti. Inu amene musankha atsogoleri a mabungwe anu m'makomboni, musafunse kokha kuti munthuyo ali wa kwanu kapena anasauka monga inu. Funsaninso tsiku limene adzabwera pamaso panu kudzawerengera ndalama, ndi tsiku limene mudzavotanso.