Musanagwire maiki, yang'anani kaye amene akhala pampando

Sabata yatha ndinakwera Sienta pochokera ku Area 25 kupita m'tauni. Dzuwa la Sepitembala linali litayamba kale ntchito yake, fumbi likulowera pawindo, tonse tili duu ngati tayambana. Kenaka adalaivala anadina kabatani pa wailesi ija yolembedwa zilembo zomwe palibe amatha kuwerenga, ndipo munamveka mawu a mkazi akuimba mofatsa pa piyano. Ndinafunsa kuti ndi ndani ameneyu. "Kaya bwana, zinabwera ndi galimoto," anatero. Nyimbozo zinatsalira m'wailesimo kuchokera kwa mwini wake woyamba ku Japan, zinawoloka nyanja, zinadutsa pa Songwe, pano zikuzungulira pakati pa Nsungwi ndi m'depoti.

Ndinatulutsa foni n'kufunsa Shazam. Inandiuza kuti ndi "Cosmos" ya Momoe Yamaguchi, ya mu 1977. Usiku womwewo ndinafufuza zambiri, bando yanga n'kutheratu. Anaipeka ndi Masashi Sada, ndipo Yamaguchi anaiimba ali ndi zaka 18. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene mawa lake akukwatiwa, akuyang'ana mayi ake ndi kuona kuti akalamba. Mutu wake ndi dzina la duwa limene limachita maluwa ku Japan nyengo ino, kutentha kukamatha, kuzizira kukamayandikira. Kumeneko anthu amasankha nyimbo motsata nyengo. Mwezi wa Malichi, ana asukulu akamatsazikana, zimakhala nyimbo za maluwa a sakura. Sepitembala akafika amatembenukira ku nyimbo za kusowana ndi kukumbuka.

Ife nyengo yathu ikupita kwina, tikulowa m'chilimwe, majakaranda ayamba kale kuthothola maluwa m'misewu. Koma taonani kalendala. Ino ndi miyezi ya zinkhoswe, ma bridal shower ndi maukwati, ndipo pa 15 Okutobala pali Tsiku la Anakubala. Nafenso ndi nyengo imene mwana wamkazi amayang'ana mayi ake mwa mtundu wina.

Ndipo masiku ano pa zochitika zonsezi pamakhala sipika ija ya Bluetooth yokhala ndi maiki, yomwe yadzaza m'mashopu a ku Malangalanga. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, Loweruka masana simungayende mtunda osamva wina akuyesa maiki. Magetsi akathima siidandaula, ili ndi batire yake. Wina amatsegula YouTube, mawu a nyimbo akuyenda pa sikirini, basi karaoke yayamba. Liwu limeneli ndi la Chijapani: "kara" ndiye kuti chopanda kanthu, "oke" ndi chidule cha okesitira, kutanthauza zing'wenyeng'wenye zopanda woimba. Mmodzi mwa amene anayambitsa makina ake ndi Daisuke Inoue, woimba ng'oma wa mumzinda wa Kobe, mu 1971. Sanalembetse kuti luso limeneli ndi lake, choncho ndalama zambiri anadya ndi ena. Mu 2004 anamupatsa mphoto yanthabwala ija ya Ig Nobel, ati chifukwa anaphunzitsa anthu kupirirana. Amene anamvapo alamu anga akuimba Celine Dion akudziwa kuti mphotoyo inali yoyenera.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene ndakhala ndikukuganizira. Ku Japan karaoke nthawi zambiri imachitikira m'kachipinda kolipira pa ola, muli inu ndi anzanu amene mwasankhana. Kwathu kuno imachitikira pabalaza kapena pabwalo, pali agogo, azakhali, ana, aneba amene angolowa atamva phokoso, ndi amayi a kumpingo. Aliyense wabwera ndi katundu wake mumtima, ndipo inu wogwira maiki simukudziwa kuti wasenza chiyani.

Ine ndinaphunzira mowawa. Mu 2024, pa Tsiku la Anakubala, tinasonkhana kwa mayi aang'ono ku Area 23. Anali atataya amuna awo chaka cha m'mbuyo mwake, ndiye tinati tisawasiye okha. Mpunga unaphikidwa, nkhuku ziwiri zinafa, ana anavina mpaka thukuta. Sipika itafika kwa ine ndinati ndichite zaulemu. Lucius Banda anali atatisiya pa 30 Juni chaka chomwecho, dziko lonse linali likumumverabe, ndiye ndinaika "Mabala". Ndinkaona ngati ndasankha bwino kwambiri, nyimbo ya akuluakulu, aliyense amaidziwa.

Ndisanafike n'pakati pomwe, mayi aang'ono anadzuka, kukonza chitenje, n'kulowera kukhitchini. Ine ndinapitiriza, maso ali pa foni, ndikuganiza kuti akukaona ndiwo. Ndi mchemwali wanga amene anabwera kudzatsitsa voliyumu osanena kanthu. Ndinakawapeza atakhala pa kampando pafupi ndi mbaula yozima.

"Mwanangu, sunalakwe," anatero. "Koma bambo ako aang'ono kaseti imeneyi ankaiika Lamulungu lililonse m'mawa akusita malaya. Ukanandinong'oneza kaye, ndikanakonzeka."

Sanabwererenso pabalaza tsiku limenelo. Phwando limene tinawakonzera iwo linatha iwo ali kuchipinda, ife tikutsuka mbale mwakachetechete.

Musamve ngati ndikunena kuti nyimbo zachisoni tizisiye. Ayi ndithu. Phwando la nyimbo zodumphadumpha zokhazokha limatopetsa, ndipo anthu amakumbukira nthawi ija nonse munakhala chete wina akuimba kuchokera pansi pa mtima. Vuto ndi lakuti nyimbo zathu zokhudza mtima zambiri zili ndi maliro kumbuyo kwake. Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001, Grace Chinga mu Malichi 2016, Wambali Mkandawire mu Januwale 2021. Mukaika "Yang'ana Nkhope", inu wa zaka 25 mukumva rege yokoma, koma malume anu akumva chaka chimene anali mnyamata, ndi anzawo amene ankavina nawo omwe pano kulibe. Nyimbo zauzimu ndiye samalani kawiri, chifukwa zambiri mwa izo zamvekapo pa siwa ya winawake amene wakhala pomwepo.

Ndiye funsani. Sizitenga mphindi. Pitani kwa mwini nyumba, kapena kwa mwana wake wamkulu, munene kuti ndikufuna kuimba yakutiyakuti, ili bwino? Akazengereza, sinthani. Ndipo musayambe nayo. Nyimbo yolemera imafuna anthu atadya, ana atatopa, dzuwa litapendeka. Imodzi kapena ziwiri zakwana, kenaka wina abweretse "Linny Hoo" ya a Giddes Chalamanda, ija inazungulira dziko lonse pa TikTok mu 2021 atayiimbanso ndi Patience Namadingo, anthu apume.

Za mawu anu sindinena zambiri, mumawadziwa nokha. Nyimbo yothamanga imabisa zolakwa, yofatsa imakuvulani. Ngati kubafa mumalephera kufika pamene Lulu amafika, pagulu simudzafikapo. Yesani kaye pa foni, mudzijambule, mumvere. Pa YouTube nyimbo zambiri zakunja zimapezeka zotsitsidwa kiyi, pomwe zathu nthawi zambiri umangoimba pamwamba pa mwini wake, zomwe kunena zoona zimatithandiza ambirife.

Apa ndi pamene nyimbo ya m'Sienta ija yandipatsa maganizo. Nyimbo ya chilankhulo chimene palibe akuchimva imakhudza mtima popanda kutokosa bala la munthu, chifukwa palibe amene anaikapo m'bale wake nayo. Ndipo Chijapani, mukhulupirire, n'chosavuta pakamwa pa Mchewa. Mavawelo ake ndi asanu omwewa, a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi liwu lililonse limathera pa vawelo ngati kwathu kuno. Ngakhale "r" wawo ali pakati pa "r" ndi "l", ndiye ife amene timanyozedwa kuti timasokoneza zilembo ziwirizi tapeza kwathu. Achinyamata oonera anime akudziwa kale, amafufuza mawu olembedwa mu romaji, kutanthauza m'zilembo zathuzi, n'kumaimba ngati anabadwira ku Osaka.

Ngati mukufuna poyambira, yesani "Ue o Muite Aruko" ya Kyu Sakamoto, ya mu 1961. Ndi yofatsa, siikwera kwambiri, ndipo pakati pake pali poimba mluzu, pamene aliyense angalowerere. Ndi ya munthu wosungulumwa amene akulimbana ndi misozi, koma kayimbidwe kake n'kopepuka moti ana amaivina. Mu 1963 inakhala nambala wani pa Billboard ku America, komwe inkadziwika ndi dzina loti "Sukiyaki", dzina la chakudya cha nyama ya ng'ombe, poti lenilenilo linkawavuta kutchula. Zili ngati nyimbo ya kusweka mtima azungu aitche "Kanyenya".

Chenjezo lokhalo, werengani tanthauzo lake musanaimbe pa chinkhoswe cha munthu. Mungaimbe mokoma, anthu n'kulira, kenaka mphwake wa mkwati wodziwa kufufuza n'kupeza kuti mumaimba za banja kutha.

Dzulo ndinawaimbira foni mayi aang'ono za pa 15 pano. Ndinawauza za "Cosmos", kuti mwana wawo wotsiriza, amene akulowa m'banja mu Disembala, akufuna kuiphunzira kuti adzawaimbire. Anaseka, nati Chijapani cha ku Area 23 adzachimva ndi makutu awo. Kenaka anakhala chete pang'ono.

"Ija ya Soja udzaikenso," anatero. "Koma kumapeto, alendo atapita. Ndipo maiki udzandipatse ine."