Mbuzi tidagawa, koma ndani adaziyeza?

Kuyambira pa ndondomeko yopatsirana ziweto m'nthawi ya Joyce Banda mpaka pomwe mbuzi zidalowa mu ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP ku Nsanje ndi Chikwawa, lonjezo lakhala limodzi: mbuzi idzalipira fizi, idzagula feteleza, idzaombola banja pa njala. Makola achulukadi, ndipo izi sitingakane. Koma m'malipoti timamva za mbuzi zogawidwa. Za zomwe zidafika pamsika zitanenepa, kuli zii.

Dzinja likafika, mbuzi imamangidwa pachingwe kuopa minda ya eni. Imadya msipu pomwe idasiya ndowe masiku angapo apitawo, mazira a nyongolotsi ataswa kale m'chinyezi, tiana take titakwera paudzu. Yoopsa kwambiri ndi ija akatswiri amati Haemonchus, yomwe imakhala m'chifu n'kumayamwa magazi. Yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande patsiku. Nthawi zambiri mbuzi siifa msanga. Imangowonda, ubweya n'kunyankhalala, kunsi kwa chibwano n'kutupa. Mkaka umachepa, ana n'kumafa mmodzimmodzi, mwini wake n'kumati ndi tsoka. Wakanyenya akabwera amagwira pamsana, amva mafupa, n'kutsitsa mtengo. Akapha, matumbo a tizotupa sangapangire nthumbwana. Ndalama yotayika chonchi siilowa m'buku la aliyense, ndipo nkhosa nazo zikuona zomwezi.

Achikulire akukumbukira masiku omwe wavetenale ankapezeka padipi. Madipi ambiri adafa, alangizi a ziweto ndi ochepa. Lero mlimi amagula albendazole kusitolo, n'kumwetsa khola lonse mongoyerekeza kulemera kwa chiweto, kawirikawiri mopereweza kuti botolo likwanire. Sitingamudzudzule. Komabe kachitidwe kameneka ndi komwe kamasiya nyongolotsi zosamva mankhwala kuti ziswane.

Alimi a nkhosa ku South Africa adakumana ndi vutoli kalekale. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 Dr Francois Malan ndi anzake adakonza khadi la FAMACHA. Mlimi amatsegula chikope cham'munsi, n'kufananiza mtundu wake ndi mitundu 5 ya pakhadi: kofiira, chiweto chili bwino, kotuwa, magazi atha, chimwetsedwe. Nyongolotsi zambiri zimakhala mu ziweto zochepa chabe za m'khola, choncho botolo limakhalitsa, mankhwala nawo n'kusunga mphamvu.

Zipangizo zoyambira tili nazo. Koleji ya Mikolongwe ku Chiradzulu imaphunzitsa alangizi, ku Bunda kukutuluka madokotala a ziweto, ndipo khola lam'mwamba alimi ambiri akulidziwa. Chomwe tingafunse pa ndondomeko iliyonse yogawa mbuzi mtsogolomu n'chakuti mbuzi ikamaperekedwa, ibwere ndi khadi, mlangizi woyendera khola mvula ikangogwa, ndi sikelo. Chaka chikatha, lipoti linene ana angati adapulumuka dzinja, ndipo adalemera makilogalamu angati pogulitsa.