Kwa Eni Kulibe Mkuwe



Sabata yatha titatuluka m'tchalitchi, mayi wina anandikokera pambali. Mwana wawo wamkazi wamaliza Year 12 ndipo anzake apangana zopita ku Bali. Chimene chinkawasowetsa tulo si ndalama ayi. Iwo anati, "Anamwino, inu munapitako. Akuti akalowa mu akachisi a Ahindu. Kodi mwanayu sakabwerako ndi ziwanda?" Ndinawayankha mwachidule chifukwa basi inali itafika. Lero ndati ndiyankhe bwinobwino, popeza ndikudziwa kuti funsoli lili m'mitima ya ambiri.

Kwa ife okhala ku Perth, Bali ndi pafupi kuposa Sydney. Ndege imatenga maola atatu ndi theka basi, n'chifukwa chake ana athu amalakalaka kupitako. Dziko la Indonesia ndi la Asilamu ambiri, koma pachilumba cha Bali anthu ochuluka ndi Ahindu, ndipo chipembedzo chawo chili ponseponse. M'mawa uliwonse amayi amaika timabasiketi ta masamba a mgwalangwa tokhala ndi maluwa ndi lubani pakhomo, ngakhale m'mbali mwa msewu. Mlendo wosadziwa amangotiponda.

Ine ndi bambo a kunyumba ndi ana athu awiri tinapitako mu 2024. Chaka chomwecho, kuyambira mu February, boma la Bali linayamba kulipiritsa mlendo aliyense ndalama zokwana 150,000 rupiah zothandizira kusamalira chikhalidwe ndi malo. Chaka cha 2023 anali atatulutsanso malamulo a zoyenera ndi zosayenera kuchita, atatopa ndi alendo ojambulitsa zithunzi ali maliseche pamalo opatulika ndi kukwera pa akachisi ngati akukwera mtengo wa mango.

Tinayamba ndi Tirta Empul, kachisi wa kasupe amene anamangidwa cha m'ma 962. Pakhomo anatipatsa nsalu yomanga m'chiuno, amuna ndi akazi omwe. Mwana wanga wamwamuna anachita manyazi, koma ine ndinaseka chifukwa chinali chitenje chenicheni, chonga chimene timavala popita kumaliro kwathu. Mkati muli dziwe lokhala ndi mipopi yambiri, ndipo Ahindu amalowamo kukadziyeretsa. Wotitsogolera anatiuza kuti mipopi ina madzi ake ndi a mwambo wa maliro okha, koma alendo ena amangosambapo uku akujambulana. Ine sindinalowe m'madzimo. Ndine Mkhristu, ndipo mwambowo si wanga. Ndinaima pambali n'kumaonerera. Palibe anandikakamiza, ndipo palibe anakhumudwa.

Yankho langa loyamba kwa mayi aja lili pamenepa. Kuona si kupembedza. Munthu akhoza kuvula nsapato, kutsitsa mawu, kuyang'ana ndi kuphunzira, chikhulupiriro chake chili chilili. Chimene mwana ayenera kuuzidwa asananyamuke n'chakuti ali ndi ufulu wokana mwaulemu kuchita nawo mwambo, koma alibe ufulu wonyoza.

Panalinso chikwangwani chopempha kuti mayi amene ali kumwezi asalowe. Mtsikana wanga, amene wakulira kuno, anapsa mtima kuti ndi tsankho. Monga namwino ndikudziwa kuti kusamba si matenda ndipo si uve. Koma ndinamukumbutsa kuti agogo ake kumudzi ankaleka kuthira mchere m'ndiwo masiku amenewo poopa tsempho. Titha kukambirana ngati mwambowo uli woyenera, koma pakhomo pa kachisi wa eni si pabwalo la milandu. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe.

Kuchokera ku Bali tinakwera ndege kupita pachilumba cha Java kukaona Borobudur, kachisi wa Chibuda wamkulu kuposa onse padziko lapansi. Anamangidwa cha m'ma 800, ndipo ali ngati phiri la miyala losanjikizana. Ali ndi ziboliboli za Buddha 504, ndi tinyumba tamiyala 72 tooneka ngati mabelu chakumtunda. Kwa zaka mazana ambiri anakwiririka ndi phulusa la mapiri ophulika ndi tchire, mpaka mu 1814 pamene Thomas Stamford Raffles anatuma anthu kukalambula. Boma la Indonesia ndi bungwe la UNESCO anamukonzanso kuyambira mu 1975 mpaka 1982. Chimene chinandikhudza n'chakuti mwala umene unapirira zivomezi unayamba kuperepeseka ndi nsapato za alendo. N'chifukwa chake anatipatsa nkhwaira zapadera zotchedwa upanat, ndipo ankalola anthu owerengeka okha kukwera.

Ndili pamwamba paja ndinakumbukira kwathu. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, zina zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Ku Nsanje kuli Khulubvi, kachisi wa Mbona, kumene Amang'anja amakapempha mvula. Kumeneko sulowa mwachisawawa, umayamba wapempha kwa osunga malowo. Tangoganizani mzungu atavala kabudula, atakhala pamtumbira wa agogo anu akudzijambula ndi foni. Mungamve bwanji? Mmene mungamvere inumo ndi mmenenso amamvera anthu a ku Bali.

Tsono ndilankhule monga namwino. Pa kachisi wa Uluwatu pali apusi olanda magalasi ndi mafoni. Musalimbane nawo, ndipo musawapatse chakudya. Ku Bali kwakhala kuli chiwewe kuyambira mu 2008. Galu kapena pusi akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa katemera. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Musanyamukenso opanda inshuwalansi, chifukwa Medicare sigwira ntchito ku Indonesia.

Amene mulibe ndalama ya ndege musadandaule. Mukatsata msewu wa South Western Highway kudutsa Byford, pa theka la ola mufika ku Serpentine kumene kuli Bodhinyana, malo a amonke Achibuda amene anayamba mu 1983. Ku Canning Vale nakonso kuli kachisi wa Ahindu. Malowa si akale ngati Borobudur, koma malamulo ake ndi omwewo: valani modzilemekeza, vulani nsapato, funsani musanajambule, ndipo amayi musapereke mkono kwa amonke.

Kwa inu ophunzira, makamaka amene mukuchita za unamwino ndi zosamalira okalamba, izi mudzakumana nazo pantchito. Usiku wina m'wodi yathu munamwalira gogo wina Wachibuda, ndipo ana ake anapempha kuti tisakhudze thupi kwa maola angapo pamene iwo akupemphera. Mnzanga wina anaona ngati akutichedwetsa. Ine ndinakumbukira mmene zimatiwawira ife anthu akatifunsa chifukwa chimene timagonera pasiwa kapena kusonkha ndalama zambiri zotumizira maliro kumudzi. Tinakambirana ndi wamkulu wa wodi, tinatseka makatani, ndipo banjalo linapatsidwa nthawi yawo.

Choncho mayi anzanga, mwanayo muloleni apite. Mumuikire chitenje m'chikwama, mumuuze za apusi aja, ndipo mumukumbutse kuti ifenso kuno ndife alendo amene timafuna kuti miyambo yathu ilemekezedwe. Akabwerako adzatifotokozere pamsonkhano wathu wa bungwe zimene wakaona.

Tsalani bwino, tionananso mwezi wamawa.