Funsani Kaye Musanasaine

Ana anga ndi inu adzukulu, Chingerezi chinakhazikika kale pakati pathu. Kuyambira mu 1968 chimayenda limodzi ndi Chichewa pa ntchito za boma. Malamulo athu analembedwa m'Chingerezi, aphungu amakambirana m'Chingerezi, ndipo mwana amene walephera phunziroli pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ngakhale masamu atawakhoza bwanji. Choncho chiphunzireni ndi mtima wonse. Nkhawa yanga ili pa mawu amene tawamva kawirikawiri mpaka tayamba kudziyesa eni ake. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Chiyankhulochi chili ndi khalidwe losenzetsa liwu limodzi matanthauzo osayenderana. Mwana wa Sitandade 1 akati "I am fine" ndiye kuti ali bwino, koma "fine" yemweyo pakamwa pa wapolisi wa pamsewu ndi chindapusa. "Interest" m'kalasi ndi chidwi, ku banki ndi chiwongoladzanja. Pocheza, kusokoneza mawu otere kumathera m'kuseka. Papepala losainira kumathera m'misozi.

Taganizirani mlamu wanu wabwera m'mamawa, wakhala pansi mwaulemu, akuti, "Alamu, mundiperekeze kokatenga ngongole, inu mukangosaina ngati mboni basi." Mwafika ku ofesi. Kalaliki watembenuza fomu, chala chake chaloza mzere wapansi, cholembera chomangidwa ndi chingwe chili kale m'dzanja lanu, ndipo anthu a kumbuyo kwanu ayamba kung'ung'udza kuti mukuchedwetsa. Pamzerewo palembedwa "guarantor". Mboni, imene m'Chingerezi amati "witness", imangovomereza kuti yaona ndi maso munthu akusaina, ikatero ntchito yake yatha. Koma "guarantor" ndi munthu amene akulonjeza kuti wobwerekayo akalephera, ngongoleyo aibweza ndi iye. Mlamu akakwera basi ya ku Johannesburg, kalata yolonjerera ngongole idzagogoda pa khomo lanu, ndipo mbuzi zimene munasungira fizi ya ana ndi zimene zidzapite. Chimodzimodzinso "surety" kukhoti: mukasainira munthu belo iye n'kuthawa, ndalama zimene munalonjeza zija muzipereka ndinu. Chibale ndi fupa, inde sichiola, koma thandizani m'bale wanu mukudziwa kulemera kwa katundu amene mukusenza.

Palinso timawu tiwiri timene timabisala kumapeto kwa chiganizo. Ngongole ya K100,000 pa 10 peresenti "per annum" imabala K10,000 pa chaka chonse. Ngongole yomweyo pa 10 peresenti "per month" imabala K10,000 mwezi uliwonse, kutanthauza K120,000 pa chaka, tisanawerengere chiwongoladzanja chokwera pa chinzake. Ameneyo ndi katapila, ngakhale atalembedwa pa pepala loyera la chidindo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamaliro ndi pamene liwu lina limadanitsa anthu a mimba imodzi. Wina amaimirira n'kunena kuti malemu anamulemba "next of kin" kuntchito, ndiye nyumba ndi yake. Ayi, mwana wanga. Mawu amenewo amangotchula wachibale woti adziwitsidwe zinthu zikavuta. Chuma cha masiye chimagawidwa potsata wilo, ndipo ngati palibe wilo, potsata lamulo la mu 2011 limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana. Amasiye ambiri achotsedwa pakhomo ndi munthu amene liwulo sanalimvetse, kapena analimvetsa koma anadziwa kuti anzake sangafunse.

Ndikudziwa chimene chimatimanga pakamwa: manyazi. Timaopa kuti kalaliki wamng'ono ngati mdzukulu wathu atiyesa osaphunzira. Tsono mverani izi. Mawu ambiri a malamulo m'Chingerezi ndi obwereka, analowa kuchokera ku Chifalansa Anomani atagonjetsa England mu 1066, ena n'kuchokera ku Chilatini. "Mortgage", ngongole yopinyolitsa nyumba, ndi limodzi mwa iwo. N'chifukwa chake ngakhale wobadwira ku London amalipira loya kuti amumasulire pepala la chiyankhulo chimene anayamwira. Nanga ife tichitirenji manyazi? Safunsa anadya phula.

Inu amene munapita patali ndi sukulu, agogo akakupatsirani pepala, musamangoti "palibe vuto, dindani chala apa". Awerengereni mzere ndi mzere m'Chichewa, ndipo liwu limene lakukanikani nenani poyera kuti lakukanikani, mukalifufuze mu dikishonale kapena kwa aphunzitsi. Ndipo nonsenu, mukapatsidwa fomu ya ngongole, ya malo kapena ya belo, pemphani kuti akumasulireni, ngati n'kotheka mupite nayo kunyumba igone. Amene akukana kuti muwerenge kaye, m'bwezereni cholembera chake muzipita.