Bowo la m'mbali mwa ndowa musalitseke, mizu nayo imapuma



Ulimi wa ndiwo m'ndowa zodzithirira zokha wayamba kuoneka m'makomo mwathu, ndipo ife tikuuvomereza. Kunyanja kuno dothi lambiri ndi mchenga, dimba likakhala pafupi ndi madzi mvuu zimalipeza, likakhala kumtunda mbuzi sizilisiya. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kumiza malo omwe anthu ankalima. Ndowa yokhala pakhonde zonsezi siziikhudza, ndipo mayi wopita kukagulitsa usipa masiku awiri kapena atatu amabwera n'kupeza tomato wake akadali moyo.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chikugwetsa anthu ulesi. Tomato akufota, masamba akuchita chikasu, chonsecho ndowa ili yodzaza madzi. Ena ayamba kunena kuti ulimiwu ndi wabodza. Ife tikuti ayi. Mbewuzo zikufa chifukwa chosowa mpweya, ndipo nthawi zambiri wozimana mpweyawo ndi mwini wake, amene anatseka bowo la m'mbali kapena sanaliboole n'komwe.

Tikumbutsane kaye momwe ndowayi imagwirira ntchito. Timatenga ndowa ziwiri za malita 20, ina kuilowetsa mwa inzake. Yapansi imasunga madzi. Yapamwamba imanyamula dothi, ndipo pansi pake timaboola timabowo tambiri. Pakati timapisapo nsalu kapena kapu yoboolaboola yodzaza dothi, yomwe imafika m'madzi. Madzi amakwera okha kudzera pamenepo, monga palafini amakwerera pa chingwe cha koloboyi. Pothira madzi timadzera pa paipi yomwe imatsika mpaka pansi. Tsono m'mbali mwa ndowa yakunja, zala ziwiri kutsika kuchokera pomwe pathera ndowa ya dothi, pamayenera kukhala bowo. Madzi akafika pamenepo amatuluka, ndiye pakati pa madzi ndi dothi pamatsala mpata wopanda kanthu. Mpata umenewo ndiye mphuno ya mbewu yanu.

Muzu ndi chinthu chamoyo. Usana ndi usiku umafuna mpweya wa okosijeni kuti upeze mphamvu yokokera chakudya m'dothi. Pa magawo 100 a mpweya womwe timapumawu, 21 ndi okosijeni, koma m'madzi amakhalamo wochepa kwambiri, ndipo madzi akatentha amacheperachepera. Chinanso, okosijeni amayenda msanga mumpweya kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 kuposa m'madzi. Choncho dothi likangoti thoo ndi madzi, mizu imamaliza kampweya komwe kanalimo ndipo kena sikafika msanga. M'nyengo ya dzuwa la Okutobala, masiku ochepa okha akwanira kuti mizu iyambe kuola.

Wina anena kuti: nanga mpunga bwanji umakhala m'madzi miyezi yathunthu osafa? Asodzi yankho mukulidziwa kale. Mlamba umatha kukhala m'matope, ngakhale kunja kwa madzi kwa maola angapo, chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wakunja. Chambo chilibe, ndiye mukachisiya m'beseni la madzi ofunda sichichedwa kuyang'ana mimba kumwamba. Mpunga uli ngati mlamba: m'kati mwa phesi ndi mizu yake muli tinjira tomwe timatsitsa mpweya kuchokera kumasamba. Tomato, mpiru, repu ndi anyezi ali ngati chambo. Tisawasunge ngati milamba.

Chifukwa chomwe anthu amatsekera bowoli tikuchimvetsa. Madzi amabwera pamutu kuchokera kumjigo kapena kunyanja, ndipo amene wawasenza mtima umamupweteka kuwaona akudontha pansi. Naye akunena zoona, madzi si otaya. Koma taganizani: otuluka pabowopo ndi kapu imodzi, ndipo ndi amene amakuuzani kuti basi lekani, ndadzaza. Ikani kachitini pansi pake, madziwo muthirire ndowa ina. Kuumira kapu imodzi n'kupha mbewu yomwe mwaisenzera madzi milungu isanu ndi umodzi, pamenepo ndiye pali kuwononga kwenikweni.

Choipa china n'chakuti mbewu yomira m'madzi imaoneka ngati ya ludzu. Mizu ikaola siingathenso kukoka madzi, masamba amagwa, mwini wake n'kuthamangira kuonjezera madzi ena. Musanathire, pisani chala m'dothi mpaka chonse chilowe. Likakhala lonyowa ngati nsalu yofinya, zili bwino. Likamatuluka madzi mukalifinya, kapena likamanunkha ngati dzira loola, mpweya mulibe. Nyamulani ndowa yam'kati muone mizu. Yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, yoola imakhala yodera, yoterera, yosachedwa kududuka. Mukapeza zotere khuthulani madzi onse apansi, tsegulani bowo, mudikire masiku awiri musanathirenso.

Bowo lokha silikwanira ngati dothi lili lolakwika. Makande a kudambo ndi abwino kumunda wa mpunga, koma m'ndowa amagwirana ngati phala lozizira, mpweya osadutsa. Mchenga wa pagombe nawo suyamwa madzi kuti akwere patali. Chofunika ndi dothi lofewa lokhala ndi timipata. Sakanizani manyowa oola bwino, dothi lapamwamba la pansi pa mtengo, ndi mankhusu a mpunga, makamaka owauka pang'ono mpaka ade koma osasanduka phulusa. Mankhusu sasowa ku zigayo za mpunga ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Karonga. Zinyenyeswa za makala zotsala pansi pa thumba nazonso zimathandiza. Podzaza ndowa musatsendere ndi chibakera ngati mukuumba njerwa. Tsenderani m'kapu yokweza madzi mokha, kwinako dothi lingokhala lotakasuka. Ndowe zaziwisi ndi matumbo a nsomba zisalowemo, chifukwa poola zimadya mpweya womwewo womwe mizu ikufuna.

Pali tizinthu tina titatu. Pakamwa pa paipi ndi pabowo mangani kansalu kopyapyala kuti udzudzu usaikiremo mazira. Mpweya umadutsa pansalu, udzudzu sudutsa, ndipo malungo tili nawo okwana kale. Ndowa yakuda ikulungeni ndi thumba kapena udzu kuti madzi asatenthe. Ndipo ngati mjigo wanu uli wa madzi amchere, kamodzi pamwezi thirani madzi ambiri pamwamba pa dothi kuti mchere utsukike n'kutulukira pabowo lomwelo. Zogula mapampu opopera mpweya zisakutayitseni ndalama. Msomali wotentha pamoto ndi wokwanira.

Nkhaniyi tikuinena tsopano chifukwa Novembala sali patali. M'mwezi umenewo nyanja imatsekedwa kwa makoka kuti nsomba ziswane, ndalama m'nyumba zambiri zimachepa, ndipo ndiwo za pakhonde ndi zomwe zimadyetsa ana nsima. M'mwezi womwewonso mvula imayamba. Walira mvula walira matope: ndowa yopanda bowo ikavumbwa usiku umodzi imasanduka chithaphwi, ndipo mbewu zimafa pa nthawi yomwe banja likuzifunitsitsa.

Choncho pempho lathu ndi ili. Sabata ino aliyense ayendere ndowa zake imodziimodzi. Pomwe palibe bowo boolani, pomwe munatseka ndi pulasitiki tsegulani, pomwe patsekeka ndi mizu kapena matope tokosani ndi kamtengo. Mukatha zanu, kaoneni za agogo ndi za amayi amasiye omwe muli nawo pafupi. Insha Allah, chaka chino ndiwo sizisowa pakhomo.